Kusindikiza mitundu yoona pa Linux: malangizo kwa osindikiza ang'onoang'ono a mu Harare

Ambiri mwa ife amene timasindikiza makalendala a mpingo, makhadi a ukwati ndi mapepala a mwambo wa maliro kuno ku Harare timagwira ntchito ndi laputopu yakale ndi printa imodzi ya inki ya m'mabotolo. Ena tili m'timashopu ta m'tauni, ena kunyumba ku Mbare, Highfield, Mufakose kapena Mabvuku. Amene tinasamukira pa Ubuntu kapena Linux Mint tinatero chifukwa safuna ndalama ya laisensi, komanso amayenda bwino pa makina otopa. Koma vuto limene limatikwana tonse ndi limodzi: chimene chikuoneka pa sikirini si chimene chimatuluka papepala. Nkhope ya malemu imatuluka yakuda bii, kungooneka maso okha. Buluu wa jezi ya Dynamos amasanduka pepo. Bulauzi yoyera ya amayi a Chigwirizano imabwera yobiriwirako. Ndipo kasitomala safunsa za dalaivala (pulogalamu yoyendetsa printa), amangoti, "Awa si bambo anga."

Gwero lake n'lakuti sikirini ndi pepala zimapanga mtundu m'njira zosiyana. Sikirini imayatsa timagetsi titatu, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu, n'kuphatikiza kuwala kwake. Imeneyi ndiyo RGB. Pepala silitulutsa kuwala, limangobweza kumene lalandira, ndipo inki ya cyan, magenta, chikasu ndi yakuda imameza mbali ina ya kuwalako. Imeneyi ndiyo CMYK. Nambala zimene zili m'fayilo sizinena mtundu pazokha. Mukatumiza 200, 40, 40 ku masikirini awiri mudzaona kufiira kuwiri kosiyana, ndipo printa idzatulutsa kwachitatu.

Chimene chimagwirizanitsa zonsezi ndi kafayilo kotchedwa pulofayilo ya ICC, kamene dzina lake limathera ndi .icc kapena .icm. Kamafotokoza kuti pa chipangizo chakutichakuti, nambala zakutizakuti zimatulutsa mtundu weniweni uti. Ndondomeko yake inakhazikitsidwa ndi International Color Consortium, bungwe limene makampani 8, kuphatikizapo Adobe, Apple, Kodak ndi Microsoft, anayambitsa mu 1993. Pa Linux ntchito yotembenuza mitundu imagwiridwa ndi LittleCMS ya Marti Maria, imene ili mkati mwa GIMP, Scribus, Krita ndi darktable. Choncho chida muli nacho kale. Chofunika n'kuonetsetsa kuti chithunzi, sikirini ndi printa, chilichonse chili ndi pulofayilo yake, ndiponso kuti mtundu ukutembenuzidwa kamodzi kokha, pamalo pamene inuyo mukudziwa.

Choyamba: ikani zida

Tsegulani terminal pa Ubuntu, Mint kapena Debian n'kulemba:

`sudo apt install colord argyll icc-profiles-free liblcms2-utils printer-driver-gutenprint scribus gimp darktable ghostscript poppler-utils`

Chitani zimenezi pamene pali Wi-Fi, chifukwa zimadya bandulo. colord, imene analemba Richard Hughes, imasunga kaundula wa pulofayilo ya chipangizo chilichonse. ArgyllCMS ya Graeme Gill ndiyo yoyezera. Pulofayilo iliyonse imene mwapeza kapena kupanga muziiika mu foda ya `~/.local/share/icc`. Pulogalamu ina ikapanda kuiona kumeneko, ikoperaninso mu `~/.color/icc`.

Chachiwiri: kuwala kwa m'chipinda ndi sikirini

Apa ndi pamene anthu ambiri amadumpha, pamene sipafuna ndalama n'komwe. Pepala limodzi lomwelo limaoneka losiyana pansi pa chubu cha m'shopu, pansi pa babu lachikasu la kunyumba, ndi pa kanyali ka sola magetsi akathima. Osindikiza akuluakulu amaweruza mapepala awo pansi pa kuwala kotchedwa D50, kwa 5000 K, malinga ndi muyezo wa ISO 3664. Inu simukufunika bokosi lawo lodulalo. Gulani babu la LED lolembedwa 5000 K, lokhala ndi CRI (muyezo wa mmene babu limaonetsera mitundu molondola) ya 90 kapena kuposa, ndipo muziweruzira mapepala anu onse pansi pa babu lomwelo. Ngati mulibe, imani pafupi ndi zenera masana, pamthunzi. Kuno zenera loyang'ana kumwera ndilo labwino, chifukwa miyezi yambiri dzuwa limadutsa chakumpoto. Dzuwa la Harare likagunda pepala mwachindunji limakuthobwani m'maso, simungaweruze kanthu. Ngati khoma la kuseri kwa sikirini ndi lapinki kapena lobiriwira, pachikani nsalu yotuwa, pakuti diso limatengera mtundu umene lazunguliridwa nawo.

Kenako chepetsani kuwala kwa sikirini. Mwa madandaulo onse akuti "chatuluka chakuda", ambiri amachokera pamenepa. Sikirini ikamawala kwambiri, chithunzi chakuda chimaoneka ngati chili bwino, ndiye simuchikonza. Muyezo woyenera ntchito yosindikiza ndi pakati pa 80 ndi 120 cd/m². Popanda choyezera, tsegulani tsamba loyera pa sikirini, gwirani pepala loyera pambali pake pansi pa babu lanu lija, n'kuchepetsa mpaka ziwirizo ziwale mofanana. Tsiku loyamba mudzaona ngati sikirini yazima, koma maso amazolowera. Thimitsaninso Night Light kapena Redshift. Laputopu ikhale pa chaja, chifukwa ikakhala pa batire imadzichepetsera yokha kuwala, ndipo ndi mmene magetsi amathimira kunoku mukhoza kukonza theka la kalendala pa kuwala kwina, theka pa kwina, osazindikira.

Ngati mungabwereke colorimeter, kachipangizo kopachika pa sikirini monga Spyder, i1Display kapena ColorHug, yezani. Pulogalamu yosavuta ndi DisplayCAL, imene imagwiritsa ntchito Argyll pansi pake. Yatsani sikirini kwa mphindi 30 kaye, sankhani gamma ya 2.2, kuyera kwa D65, ndi kuwala kumene tanena kuja. Ikamaliza imakufunsani ngati iike pulofayiloyo. Vomerani, kenako tsimikizani ndi `colormgr get-devices`. DisplayCAL ikamavuta pa Wayland, njira yatsopano imene Linux imaonetsera zinthu pa sikirini, tulukani n'kulowanso pa njira yakale ya Xorg (X11), ngati kompyuta yanu ikadali nayo. Linux Mint imayamba ndi X11 kale.

Ndinene mosabisa: masikirini a malaputopu otchipa, aja amasintha mtundu mukangopendeka mutu, sangawongoke ngakhale muwayeze chotani. Monita yogwiritsidwapo kale ntchito ya IPS, mtundu wa sikirini umene susinthasintha mitundu mukapendeka mutu, idzakuthandizani kuposa chilichonse chimene mungagule ndi ndalama yomweyo.

Chachitatu: dziwani chimene mwalandira

Zithunzi zambiri zimafika pa WhatsApp, zitafinyidwa kale. Pemphani kasitomala atumize ngati Document, kuti fayilo ifike yathunthu. Mukatsegula mu GIMP, pitani pa Image, Image Properties, Color Profile. Kawirikawiri mudzapeza sRGB, muyezo umene HP ndi Microsoft anatulutsa mu 1996. Zithunzi za iPhone zimabwera ndi Display P3, ndipo ojambula ena a paukwati amagwiritsa ntchito Adobe RGB ya 1998.

Pali mabatani awiri oyandikana amene amachita zosiyana kotheratu. Assign Color Profile sasintha nambala, amangouza kompyuta mmene iziwerengere. Convert to Color Profile amasintha nambala kuti mtundu ukhale womwewo. Chithunzi chikabwera chopanda pulofayilo, chipatseni sRGB ndi Assign, n'kuona ngati khungu likuoneka lamoyo. Chikabwera ndi Display P3 kapena Adobe RGB, chitembenuzeni ndi Convert kupita ku sRGB. Mukasokoneza ziwirizi, chithunzi cha Adobe RGB chimafwifwa, zovala zofiira n'kukhala ngati zachapidwa kwa zaka. Pa ntchito zathu zambiri, kusunga zonse mu sRGB kumachotsa mavuto ambiri kuposa amene kumabweretsa.

Kuchokera pano njira zigawanika. Ina ndi ya printa yanu ya patebulo, ina ndi ya ntchito yotumiza kwa osindikiza a makina akuluakulu.

Chachinayi: printa yanu

Ngakhale muli mabotolo anayi a inki, dalaivala ya printa ya patebulo imalandira RGB n'kugawa yokha inkiyo. Musaitumizire fayilo ya CMYK. Idzaibweza ku RGB mwa njira yake, kenako n'kuigawanso, mitundu n'kuzimiririka.

Musanakhudze pulofayilo, sindikizani nozzle check, tsamba loonetsa ngati timabowo totulutsa inki tatsekeka. Ngati mzere wa magenta uli ndi mipata, chilichonse chidzatuluka chobiriwirako, ndipo palibe pulofayilo imene ingachiritse zimenezo. Fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala komanso printa yokhala sabata osagwira ntchito ndi zimene zimatseka timabowo.

Printa pa Linux zimayendetsedwa ndi CUPS. Lembani `localhost:631` mu bulauza kuti muone printa yanu ndi dalaivala yake, kapena `lpoptions -p DZINA -l` pa terminal, n'kuika dzina la printa yanu m'malo mwa DZINA, kuti muone zonse zimene mungasankhe. Chofunika kwambiri pamndandandawo ndi mtundu wa pepala. Mukaika pepala lonyezimira koma dalaivala ikuganiza kuti ndi bondi, kuchuluka kwa inki kumalakwika kuyambira pachiyambi.

Njira yachidule ndi iyi: inki ya kampani yomwe inapanga printayo, pepala lodziwika, fayilo ya sRGB, mtundu wa pepala wosankhidwa molondola, n'kusiya dalaivala itembenuze yokha. Kwa ambiri zimenezi n'zokwanira, ndipo printa zatsopano zolumikizidwa popanda dalaivala kudzera pa IPP Everywhere zimayembekezera sRGB yomweyo.

Koma tiyeni tivomereze, ambiri timathira inki yogula m'timashopu, yosalembedwa dzina la printa yathu, ndipo pepala ndi limene lapezeka sabata imeneyo. Dalaivala sidziwa inki imeneyo. Apa m'pamene pamafunika pulofayilo yanuyanu, ndipo kuti muipange pamafunika spectrophotometer, chipangizo choyezera mitundu papepala, monga ColorMunki Photo, i1Studio kapena i1Pro. Samalani pogula: ColorMunki Display ndi ya sikirini yokha, siwerenga pepala. Chipangizochi n'chodula, koma simuchifuna tsiku lililonse. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi osindikiza akhoza kusonkherana monga timachitira ndi chipereganyu, chizizungulira.

Ndondomeko yake ndi iyi. Ngati printa yanu ili pamndandanda wa Gutenprint, imene imadziwa ma Epson ndi ma Canon ambiri, gwiritsani ntchito dalaivala imeneyo, chifukwa imalola kuthimitsa kukonza mitundu. Pangani timabokosi ta mitundu toyezera:

`targen -v -d2 -f420 glossy`

`glossy` ndi dzina chabe la mafayilo a ntchitoyi, `-d2` akutanthauza printa ya RGB, ndipo 420 ndi timabokosi todzaza mapepala awiri a A4 pa ColorMunki. Pa i1Pro, A4 imodzi imatenga 441, choncho lembani 882. Kenako tiyaleni patsamba:

`printtarg -v -iCM -h -t300 -pA4 glossy`

A i1Pro alembe `-ii1` m'malo mwa `-iCM -h`. Mudzapeza mafayilo a TIFF. Tsopano pakubwera pamene ntchito yonse imaimira kapena kugwera. Matsamba amenewa ayenera kusindikizidwa popanda aliyense kukhudza mitundu yake. Musawatsegule mu pulogalamu imene ingawapatse pulofayilo. Atumizeni kuchokera pa terminal:

`lp -d DZINA -o cm-calibration -o StpColorCorrection=Uncorrected -o ppi=300 glossy_01.tif`

Onjezerani mtundu wa pepala ndi kwalite zimene mudzagwiritse ntchito masiku onse, monga zalembedwera mu `lpoptions`. Tsambalo lidzaoneka loipa, lakuda kapena lopendekera ku mtundu umodzi. Musalikonze. Kuipa kumeneko ndiko khalidwe lenileni la printa yanu, ndipo ndiko tikufuna kuyeza. Ngati dalaivala yanu ilibe pothimitsira, sankhani makonzedwe amodzi osasinthasintha, thimitsani chilichonse cholembedwa Auto, Vivid kapena Enhance, ndipo musadzawasinthenso.

Siyani mapepalawo aume maola 24, osasanjikiza. Inki ya dye imasintha mtundu ikamauma, makamaka nyengo ya mvula, ndipo mukayeza msanga mudzapanga pulofayilo ya pepala lonyowa. Mawa lake ikani mapepala oyera awiri kapena atatu pansi pa tsambalo kuti mtundu wa tebulo usaonekere, n'kulemba:

`chartread glossy`

Pulogalamu idzakuuzani mzere woti muwerenge. Dinani batani la chipangizocho, chikokeni modekha kuyambira pamalo oyera mpaka pamalo oyera a mbali inayo, n'kusiya. Ikadandaula, bwerezani mzere womwewo mochedwerapo. Rula yochindikala imathandiza kuti dzanja lisakhote. Mukamaliza:

`colprof -v -qm -S /usr/share/color/argyll/ref/sRGB.icm -cmt -dpp -D "Glossy inki yatsopano" glossy`

Kumapeto kudzatuluka manambala a avg err ndi peak err. Ya avg err ikakhala pafupi ndi 1 kapena kutsika, mwayeza bwino. Ya peak err ikakwera kutali ndi inzake, pali mzere umene unawerengedwa molakwika, bwererani. Fayilo ya `glossy.icc` ndiyo pulofayilo yanu. Ndi ya printa imeneyo, inki imeneyo, pepala limenelo ndi makonzedwe amenewo basi. Bondi wa 80 gsm amafuna yake, khadi la makhadi a ukwati limafunanso yake.

Amene alibiretu mwayi wa spectrophotometer akhoza kuyesa ndi sikana ndi khadi la mitundu yoyezedwa kale lotchedwa IT8, kudzera pa `scanin` ya Argyll. Zotsatira zake sizifika pa zinazi, chifukwa nyali ya sikana imaona inki mosiyana ndi diso, koma zimachotsa kupendekera kwakukulu.

Posindikiza ntchito yeniyeni, njira yoyera kwambiri ndi darktable. Mu gawo lake la print mumasankha printa, pepala, pulofayilo yanu ndi intent (njira yotembenuzira mitundu), iyo n'kutembenuza. Kapena tembenuzani nokha:

`jpgicc -o glossy.icc -t1 -b malemu.jpg malemu_print.jpg`

n'kutumiza fayilo yatsopanoyo ndi lamulo la `lp` lomwe lija munagwiritsa ntchito poyeza, osasintha kanthu. `-t1` ndi relative colorimetric, imene imasiya mitundu yotheka monga ilili n'kukankhira yosathekayo m'malire. `-b` ndi black point compensation, imene imateteza mbali zakuda kuti zisaundane. Chithunzi chikakhala ndi mitundu yowala kwambiri, monga zitenje za pachinkhoswe, yesaninso `-t0`, perceptual, imene imafinya mitundu yonse pamodzi kuti kusiyana kwake kusatayike. Sindikizani tizidutswa tiwiri n'kusankha ndi maso.

Cholakwa chofala kwambiri pagawo limeneli ndi kutembenuza kawiri: pulogalamu yagwiritsa ntchito pulofayilo, dalaivala nayo yakonzanso. Zili ngati ndiwo zimene mayi wathira mchere, mwana n'kubwera kudzathiranso osafunsa. Chizindikiro chake n'chakuti chithunzi chimatuluka chapinki kapena chakuda kuposa mmene chinkatulukira musanayambe zonsezi. Mukaona choncho musataye pulofayilo. Onani ngati Uncorrected akadali wosankhidwa, ndipo onani mu Settings, Color, ngati printayo sinapatsidwenso pulofayilo kumeneko.

Chachisanu: ntchito yopita ku makina akuluakulu

Makalendala 500 a mpingo kapena mabuku a nyimbo simungawathe patebulo. Musanayambe kuyala tsamba, pitani kapena imbani kwa osindikizawo, ndipo pemphani kulankhula ndi amene amakonza mafayilo, osati a pakauntala okha. Afunseni mwaulemu: makina ake ndi a offset kapena a digito, pepala ndi lonyezimira kapena ayi, akufuna pulofayilo iti, ndipo PDF ya mtundu wanji. Ambiri a makina a digito amakonda kulandira sRGB n'kutembenuza okha. Akatero apatseni sRGB, musalimbane nawo. Ena adzangoti "tumizani CMYK". Pamenepo sankhani muyezo wodziwika ndipo muwauze umene mwasankha. Pa pepala lonyezimira pali ISO Coated v2, yochokera pa FOGRA39, kapena yatsopano yake PSO Coated v3, ya FOGRA51, imene inatuluka mu 2015. Pa pepala losanyezimira pali PSO Uncoated v3, ya FOGRA52. Zonsezi European Color Initiative imapereka ulere pa intaneti. Samalani ndi SWOP, imene mapulogalamu ena amaisankha okha. Ndi muyezo wa ku America, musaigwiritse ntchito pokhapokha osindikizawo aitchule.

Yalani ntchito mu Scribus. LibreOffice ndi Inkscape zimatulutsa PDF ya RGB, choncho cholembedwa kapena chojambulidwa kumeneko chilowetseni mu Scribus pomaliza. Pa File, Document Setup, Color Management, yatsani Activate Color Management, ikani sRGB pa zithunzi za RGB, ndipo pulofayilo munagwirizana ija pa CMYK ndi pa Printer. Zithunzi zisiyeni mu RGB, zidzatembenuzidwa kamodzi potulutsa PDF. Ikani bleed, malo owonjezera m'mphepete amene amadulidwa pambuyo posindikiza, ya 3 mm.

Malemba akuda akhale a inki yakuda yokha: C0 M0 Y0 K100. Kuda kochokera ku RGB kumasanduka inki zinayi zosanjikizana, ndipo mapuleti akaphonyana pang'ono chabe, timalemba ta nyimbo timakhala ndi mthunzi wofiira kapena wabuluu umene agogo sangawerenge m'tchalitchi. Pa malo aakulu akuda, monga chikuto cha pepala la maliro, K100 yokha imaoneka yotuwa, ndiye gwiritsani ntchito monga C60 M40 Y40 K100. Musapitirire malire a inki yonse pamodzi. ISO Coated v2 imalola 330%, ndipo pali ina yake ya 300% imene ili yotetezeka. Inki ikachuluka, pepala siliuma ndipo limadetsa kumbuyo kwa linzake pamulu. Mtundu wotchedwa Registration mu Scribus musaugwiritse ntchito pa chilichonse, ndi 400%.

Potulutsa sankhani PDF/X-1a ngati akufuna CMYK yokhayokha, kapena PDF/X-4 ngati makina awo ndi amakono. Kenako fufuzani nokha fayilo isanachoke. `pdfimages -list ntchito.pdf` imaonetsa ngati chithunzi chilichonse chili rgb kapena cmyk ndi ppi yake, imene iyenera kuyandikira 300. `pdffonts ntchito.pdf` imaonetsa ngati zilembo zalowa m'fayilo. Ndipo

`gs -q -o - -sDEVICE=inkcov ntchito.pdf`

imatulutsa manambala anayi pa tsamba lililonse. Tsamba la malemba okhaokha liyenera kukhala ndi ziro pa atatu oyambawo. Ngati sizili choncho, kuda kwanu n'kosakanizika, bwererani mu Scribus. Pomaliza pemphani tsamba limodzi loyeserera, muonetse mkulu wa mpingo kapena mwini ntchito, asaine, ndipo makina ayambe pambuyo pake.

Chachisanu ndi chimodzi: onani pepala lisanatuluke

Mukakhala ndi pulofayilo ya printa, kaya yanu kaya ya FOGRA, sikirini ikhoza kutsanzira pepala. Mu GIMP, ikani pulofayiloyo ngati soft-proof profile n'kuyatsa View, Color Management, Proof Colors. Mu Scribus ndi Simulate Printer on the Screen. Chithunzi chidzafwifwa nthawi yomweyo, ndipo mtima umagunda. Yang'anani kumbali kwa kanthawi n'kubwereranso, chifukwa chimenecho ndicho chimene pepala lingathe. Yatsaninso chosonyeza mitundu ya out of gamut kuti muone malo amene inki singafikeko.

Buluu ndiye amavuta kawirikawiri. Buluu wowala wa pa sikirini, 0, 0, 255, palibe inki ya CMYK imene ingamutulutse, ndipo potembenuza amapendekera ku pepo. Pa malemba ndi mabokosi musamusankhe ndi maso pa sikirini. Lembani manambala mu Scribus, monga C100 M65 Y0 K0, kuonetsetsa kuti magenta ili pansi ndithu pa cyan. Wobiriwira wowala ndi olenji nawonso amatsika mphamvu. Muuzeni kasitomala ntchito isanayambe, mumuonetse chitsanzo chapapepala.

Koma pamene ndikufuna muchedwepo kwambiri ndi pankhope. Khungu lathu limakhala m'mbali yakuda ya chithunzi, ndipo mbali imeneyo ndi imene pepala limataya msanga. Dontho la inki likagwa pa bondi kapena pa khadi losanyezimira limafalikira, mitundu yakuda yoyandikana n'kulumikizana kukhala chinthu chimodzi. Makwinya a pachipumi, mzere wa chibwano, kusiyana kwa tsitsi ndi khungu, zonse zimene zimachititsa mwana kuzindikira bambo ake zimakhala mmenemo. Chithunzi cha malemu nthawi zambiri chimabwera chovuta kale: chojambulidwa ndi foni kuchokera pa felemu yagalasi, kapena chodulidwa pa chithunzi cha gulu pamene anaima dzuwa lili kumbuyo, atavala malaya oyera amene anachititsa kamera kudetsa nkhope.

Chitani chonchi. Proof Colors ali woyatsa, tsegulani Colors, Curves. Gwirani mzere chakumunsi, pafupifupi pa kota ya utali wake, n'kuukweza pang'onopang'ono mpaka maso, mphuno ndi masaya zisiyane. Ikani kadontho kena chakumtunda kuti malaya oyera asapserere. Musakhudze Brightness, imene imatuwitsa chithunzi chonse. Ndipo musayeretse munthu. Cholinga n'chakuti aoneke monga analili, osati asanduke wina. Abale amazindikira msanga zimenezo, ndipo zimawapweteka mofanana ndi nkhope yakuda bii ija. Kenako tengani Color Picker, dinani patsaya pamene palibe mthunzi kapena kunyezimira, n'kuwerenga manambala a CMYK. Chikasu chikhale chofanana ndi magenta kapena kuposerapo pang'ono, ndipo cyan ikhale yotsika bwino pa ziwirizo. Magenta ikaposa, munthu amaoneka ngati wapsa. Cyan ikakwera, khungu limatuwa ngati phulusa. Ngati pachithunzipo pali kolala yoyera kapena duku loyera, yambani ndi kuwongola pamenepo ndi Pick gray point kapena Pick white point mu Levels, ndipo khungu nthawi zambiri limabwerera lokha.

Mapepala a maliro amafunika usiku womwewo, ndikudziwa. N'chifukwa chake ntchito yoyezayi iyenera kuchitika tsiku lopanda phuma, kuti uthenga ukafika mungosindikiza nkhope yokha kakang'ono pa pepala lenilenilo, muyang'ane pansi pa babu lanu, muonetse wachibale amene wabwera ndi chithunzicho, kenako musindikize zonse.

Chomaliza: lembani zonse

Sungani kope pafupi ndi printa. Pa pepala la mtundu uliwonse lembani dzina lake, kumene munagula, inki, dalaivala, makonzedwe onse, dzina la pulofayilo ndi tsiku limene munayeza. Lamulo la `lp` lisungeni m'kafayilo kuti musalilembe pamtima. Sankhani chithunzi chimodzi choyesera, chokhala ndi nkhope ziwiri kapena zitatu za khungu losiyana, nsalu yabuluu, nsalu yofiira ndi mzere wochoka poyera kupita pakuda. Chisindikizeni tsiku limene pulofayilo yatuluka bwino, lembani deti kumbuyo, n'kuchisunga mu envulopu kutali ndi dzuwa. Mukathira botolo latsopano la inki kapena kutsegula rimu ya kwina, sindikizaninso chithunzi chomwecho n'kufananiza. Zikafanana pitirizani ntchito. Zikasiyana, yambani ndi nozzle check, ndipo ngati timabowo tili bwino, yezaninso. Gulani inki kwa wogulitsa mmodzi, ya dzina limodzi, ndipo musasakanize ziwiri m'thanki. Mapepala azikhala m'pulasitiki yake kuyambira Novembala mpaka Malichi, chifukwa amamwa chinyontho. Sikirini muziiyeza pakapita mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo Ubuntu kapena Mint ikasintha dalaivala ya printa, yang'anani `lpoptions -p DZINA -l` musanalandire ntchito ya munthu.